Mapesi a amayi anga anapsa, ndipo a nyakwawa anati mapesi alibe mlandu

Foni inalira Loweruka lina masana mwezi wa Seputembala, ine ndili kuno ku Matundo ndabisala pamthunzi poti dzuwa la ku Tete nthawi imeneyo si lamasewera, ndipo anali mlongo wanga wa kumudzi ku Domwe, ku Angónia. Sanayambe ndi moni ngati mmene amachitira masiku onse, anangoti "achimwene, kumunda kwa amayi kwapsa." Ndinafunsa kuti kwapsa chani poti chimanga tinakolola kalekale chili munkhokwe, iye nkuti mapesi, mapesi onse amayi anayala aja, sikunatsale ndi phesi limodzi lomwe.

Wina aziti nde nkhani yake ndi imeneyo, mapesi? Koma mukanawaona amayi aja mmene anavutikira simukanafunsa. Ndi munthu wamkulu, msana umawavuta, koma atamva kwa alangizi kuti mapesi asamaotchedwe koma aziyalidwa mmunda anazitenga ndi mtima wonse, anagwetsa mapesi ndi chikwanje mzere ndi mzere, pomwe panaperewera anakamweta udzu kudambo nkumasenza pamutu mtolo umodzi umodzi mpaka nthaka yonse inabisika. Chinali chaka chachiwiri. Chaka choyambacho anali ataona okha ndi maso, mvula itadula mu Januwale chimanga cha minda yoyandikana chimayamba kupota masamba dzuwa likangokwera pang'ono pomwe chawo chinali chiimire, ndipo ndikukumbuka anandikokera kumunda nkuvundukula mapesi ndi dzanja kuti taona mwanawe, pansi pali ponyowa, dothi lada, nyongolotsi zili yakaliyakali. Anyamata osaka mbewa anayatsa moto mmunda wa eni ena chakumtunda, mphepo ya Seputembala inachita zake, ntchito ya miyezi iwiri inatha nthawi yosakwana yophikira nsima.

Nditapita kumudzi amayi sanalire, anangoti, "Ine basi mwanawe. Chaka chino ndisosa nkulima mizere ngati wina aliyense, ndiziyaliranji chakudya cha moto."

Mau amenewa ndi amene andilembetsa. Ndatopa nkumva anthu ophunzira, pawailesi ndi pa Facebook pomwe, akunena kuti alimi a ku Angónia ndi ku Tsangano ndi osamva, akuti anazolowera adubu, feteleza wa m'thumba uja, nde safuna kuphunzira ulimi wa manyowa. Si zoona. Anthu akudziwa, ndipo ambiri anayesapo. Vuto ndi lakuti kwathu kuno munda umakhala ndi mwini wake kuyambira pobzala mpaka pokolola basi, koma chimanga chikangolowa munkhokwe, kuyambira Juni mpaka mvula yoyamba, mundawo umasanduka wa aliyense, wa ng'ombe, wa mbuzi, wa nkhumba, wa mwana aliyense amene ali ndi machesi m'thumba. Chikhalirecho ulimi wosamala nthaka ntchito yake yaikulu imachitika miyezi yomweyo. Mapesi ayenera kugona pansi miyezi imeneyo, nandolo amakhala akadali mmunda miyezi imeneyo, kamtengo kamene wabzala kayenera kupulumuka miyezi imeneyo. Munthu mmodzi payekha sangathe, olo atakhala wakhama chotani. Ndi nkhani ya mudzi, ndipo ngati sitiitengera pabwalo la mfumu tizingophunzitsana chaka ndi chaka popanda chosintha.

Ndiyambe ndanena chifukwa chake zikundiwawa chonchi. Thumba la feteleza wa ureya limene timalilira lija silipangidwa kuno. Amapanga kuchokera ku gasi mmafakitale akunja, limabwera pa sitima mpaka ku Beira, kenako pa kamiyao mtunda wonse uja mpaka ku Ulongué, ndipo aliyense amene waligwira panjira amaikapo yake. Mu 2021 mtengo unayamba kukwera, nde nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 zinafika poipa, poti Russia ndi limodzi mwa maiko amene amagulitsa feteleza wambiri padziko. Tangoganizani, mayi wa ku Domwe amene sanafikeko ndi ku Beira komwe akugona ndi njala chifukwa cha mabomba a ku Ulaya. Kale ena amadalira matumba odutsa mmalire kuchokera ku Malawi, chiyambire pulogalamu ya makuponi a feteleza ija mu 2005, koma chimenecho si chinthu chomangirapo banja, chaka china alipo chaka china kulibe. Ena amalowa fodya kuti kampani iwapatse adubu pangongole nkumapatulako pang'ono kuthira kuchimanga, kenako pogulitsa ngongole ikadulidwa amabwerera kunyumba ndi kachenje kosakwana ndi yunifomu ya mwana yomwe.

Ndipo chimene chikundiopsa kuposa mtengo ndi ichi, akuluakulu onse kumudzi amanena chimodzimodzi, kuti munda umene kale thumba limodzi limakwana lero ukufuna awiri ndipo chimanga chake nchosafika pa chakale. Palibe ufiti pamenepa. Feteleza amadyetsa mbeu ya chaka chimenecho, sabweza thupi la nthaka. Thupi la nthaka ndi zinthu zoola, masamba, mizu, ndowe, mapesi, zimenezi ndi zimene zimagwira madzi ngati chinkhupule nkugwiranso feteleza yemweyo kuti asatsike ndi mvula. Ukaotcha mapesi chakudya chija chimene timagula mu ureya, nayitrojeni, chimapita kumwamba ndi utsi, umatsala ndi phulusa limene lili ndi kake ndithu koma mphepo ya Okutobala imaliulutsa lisanathandize. Ureya ukamathira zaka ndi zaka osabwezera kanthu nthaka imayamba kuwawasa, mizu siikondwa. Kenako mumaona kaufiti wayamba kutuluka ndi timaluwa take tofiira tija, ndipo kaufiti amakonda nthaka yoguga, akabwera ndiye kuti munda ukukuuza kuti ndatha.

Ine ndimakhala kufupi ndi mtsinje wa Revúbuè, umene umachokera kumapiri akwathu komweko nkudzathira mu Zambezi pafupi ndi mzinda uno. Mvula yoyamba ikagwa kumtunda madzi amafika kuno ali psuu ngati phala la mawere. Mu Januwale 2022, nthawi ya namondwe Ana, mlatho wa pa Revúbuè wopita ku Moatize unaduka, tonse tinathamangira kukaona, anthu amalankhula za mlatho koma ine maso anali pamadzi, poti dothi limene limadutsa pamenepo ndimalidziwa, ndi la mminda yathu, lakokoloka chifukwa mvula inalipeza lili pamtetete, lopsa, lopanda chofunda. Adubu mungagule wina mukapeza ndalama, koma dothi lapamwamba likapita ku Zambezi palibe baraka imene mungakaligule.

Tsono ndisanamizire kuti manyowa ndi mankhwala a zonse, chifukwa pali anthu ena obwera ndi magalimoto oyera amene amalankhula ngati thumba la feteleza ndi tchimo, ndipo ine sindili nawo. Ku Sri Lanka boma linaletsa kuitanitsa feteleza mwadzidzidzi mu Epulo 2021 kuti dziko lonse lilime za chilengedwe, zokolola za mpunga zinatsika, chaka chisanathe anabweza lamulo lija koma madzi anali atatayika kale, ndipo mu Julayi 2022 pulezidenti wawo Gotabaya Rajapaksa anathawa mdziko anthu atakwiya ndi mavuto a chuma. Sungauze mayi wamasiye wa ana asanu kuti chaka chino usathire kanthu, dikira zaka zitatu nthaka ibwerere, anawo adya chani podikirapo? Komanso amene amalima mbatata ya kachewere nthawi ya dzinja ku Tsangano akudziwa kuti matenda a chiwawu akalowa, nyengo ya nkhungu ndi mvula yamawawa ija, munda umatha sabata imodzi ngati sunapopere. Amene akunena kuti phulusa ndi tsabola zithana ndi chiwawu sanalimepo mbatata. Zimene ndikunena ine nzakuti thumba lija lisakhale mutu wa banja, likhale mlendo wothandiza, theka lake lizikwana pomwe pamafunika lathunthu, ndipo chaka chimene lasowa tisafe.

Atsibweni anga ndi amene anandionetsa kuti zimatheka. Iwo amapanga manyowa amene anthu amati a Mbeya, anaphunzira kwa abale a ku Dedza. Ndinawapeza tsiku lina kuseri kwa khola atayala chipepala cha pulasitiki, akusefa ndowe zouma za mbuzi ndi nkhuku, nkusakaniza ndi gaga, phulusa la kukhitchini ndi feteleza pang'ono, nkuwaza madzi mpaka ukafinya mmanja zizigwirana koma osadontha, kenako kuthira m'thumba lokhala ndi pulasitiki mkati, kumanga ndithu kuti mpweya usalowe, nkuika pamthunzi masabata atatu. Atamasula fungo lake limalasa mmphuno mpaka misozi. Thumba limodzi la kusitolo amalitambasula kukhala matumba angapo, ndipo chimanga chawo sichinali chochititsa manyazi ayi. Koma taonani chimene chimawathandiza, ali ndi khola, mbuzi zawo zimagona malo amodzi, ndowe sizimwazika mtchire. Ali ndi ngolo yokokera manyowa a mkhola kupita kumunda. Amene alibe chiweto, alibe ngolo, munda uli kutali, manyowa ake ndi mapesi omwewo ndi masangwi a nyemba, soya ndi mtedza zimene zatsala mmunda. Mukamuotchera zimenezo mwamulanda feteleza yekhayo amene anali naye. Nchifukwa chake ndimati moto wa mmunda umapweteka wosauka kuposa wina aliyense.

Pajatu mbeu za mgulu la nyemba zimapanga zokha chakudya cha nthaka. Zulani soya kapena mtedza uli wauwisi muone timaphundu ta kumizu, mukatiswa ndi chikhadabo mkati muli mofiirira, mmenemo muli tizilombo tosaoneka timene timakoka nayitrojeni mu mpweya, yemwe uja timagula ndi mametikali ambirimbiri. Agogo athu posakaniza chimanga, nyemba, khobwe ndi maungu mmunda umodzi sanali osokonezeka. Nandolo nde amaposa, mizu yake imaboola pansi polimba, masamba amayoyoka nkukhala manyowa, mitengo yake nkhuni. Anzathu a ku Zóbuè amamudziwa bwino. Koma nandolo amacha mochedwa, chimanga chitachoka kale, nthawi imene mbuzi zamasulidwa, nde ndani angabzale nandolo kuti adyetse mbuzi za eni?

Chimodzimodzi mtengo wa msangu. Mmunda wa agogo anga munali umodzi waukulu, mtengo wodabwitsa uja umene umayoyola masamba mvula ikamayamba pomwe mitengo ina yonse ikuphuka, nde suphimba mbeu, ndipo pansi pake chimanga chimakhala chobiriwira bii ngati wathira kawiri. Unagwa ndi mphepo ine ndili mnyamata. Amayi abzalapo timbande ta msangu ndi gilisidiya kangapo konse, palibe ndi kamodzi komwe kanaona mvula yachiwiri, kakapulumuka ku mbuzi kamapsa ndi moto.

Ndikudziwa zimene eni ng'ombe ayankhe, ndipo ali ndi mfundo. Ife a ku Angónia ng'ombe ndi moyo wathu kuyambira kale, nkhondo ija inatha mu 1992 inatimaliza makola, anthu pobwerako ku Malawi kothawa nkhondo anayambanso ndi ng'ombe imodzi imodzi, nde lero wina asabwere kudzanena ngati ng'ombe ndi mdani. Mwezi wa Okutobala msipu kulibe, madambo ambiri asanduka madimba, ng'ombe ikapanda kudya mapesi idya chani, ndipo ikaonda ikoka bwanji ngolo ndi pulawo? Funso limeneli ndi lenileni. Koma yankho lake silingakhale lakuti ng'ombe za munthu mmodzi zizidya mapesi a mudzi wonse ulele, ndowe nkukagwera mkhola la mwini wake, iye nkuthira mmunda mwake, nkumatamidwa kuti ndi mlimi wa chitsanzo. Mukaziona bwino chonde chikusamuka kuchoka mminda ya osauka kupita mmunda wa mwini ng'ombe, chikuyenda ndi miyendo inayi. Bwanji osagwirizana poyera, iwe tenga gawo la mapesi anga ukasunge pathandala udyetse ng'ombe zako kukhola, ine undibwezere ngolo ya manyowa, otsalawo agone mmunda mwanga osakhudzidwa? Mwini ng'ombe sataya kanthu, ndowe zimachuluka mkhola mmalo momwazika mnjira, ndipo amayi anga apezako kangachepe.

Za anyamata a mbewa nazonso tisachite ngati sitinakhalepo ana. Ine ndinasakapo mbewa, ndinayatsapo moto mminda ya eni, ndipo ndikakumbuka pano mtima umandipweteka chifukwa palibe wamkulu ndi mmodzi yemwe anatiuza kuti tikuononga. Mbewa ndi ndiwo, mabanja ena nyama imene amailawa ndi yomweyo, komanso mbewa zikachuluka zimaononga mbeu, ndipo nzoona kuti mmunda woyala mapesi zimakonda kubisalamo. Nde sindikuti kusaka kuletsedwe. Kukumba mauna kulipo, madiwa alipo, misampha ilipo. Choletsa ndi machesi basi. A fodya amene amaotcha mapesi pamabedi a nazale aotche awo, pamalo pawo, atalambula mmbali, osati kukatola a mnzawo usiku.

Wina anena kuti anthu akumudzi sangasunge lamulo lotere. Amene akunena zimenezo sanayang'ane bwino mudzi wake. Mvula ikangogwa mbeu nkumera, mbuzi zonse zimamangidwa, ng'ombe zimakhala ndi abusa, palibe wapolisi amabwera kudzaonetsetsa, ndipo ng'ombe ikalowa mchimanga cha mwini mlandu umafika kwa nyakwawa tsiku lomwelo, chindapusa chimaperekedwa popanda kukangana. Njira ilipo kale, timangoitseka pa tsiku lokolola. Ndipo tayang'anani kumanda. Mukamayenda msewu wochoka ku Ulongué kupita ku Domwe kapena ku Calómuè, paliponse pamene mwaona kankhalango ka mitengo yachilengedwe katsala pakati pa minda yoyera mbee, mukudziwa kale kuti ndi manda. Palibe mpanda, palibe mlonda, koma palibe amene amadulamo mtengo mwachisawawa kapena kuyatsamo moto, chifukwa mudzi wonse unagwirizana kuti kumeneko ayi, ndipo mwana amakula akudziwa. Pokumba manda mumaona nokha mmene dothi lapamwamba lilili lakuda, lofewa, lonunkhira bowa. Ndi dothi lomwe lija la mminda yathu, kusiyana kwake nkwakuti ili talilemekeza. Anthu amene atha kusunga nkhalango ya akufa zaka zonsezi sangalephere kusunga mapesi a amoyo miyezi isanu.

Malamulo a boma nawo sakutsutsana nafe. Lamulo la nkhalango la 1999 linaika kale kutentha tchire mwachisawawa kukhala mlandu, ndipo kuyambira chaka cha 2000 boma linavomereza mafumu ndi atsogoleri a mmidzi ngati anthu ogwira nawo ntchito, mpaka yunifomu anapatsidwa. Koma lamulo lolembedwa mChipwitikizi ku Maputo silizimitsa moto ku Domwe, chimene chimazimitsa ndi mau a mfumu pabwalo, anthu onse atakhala pansi, eni ng'ombe alipo, amayi alipo, anyamata alipo, nkumvana kuti munda woyala mapesi uikidwe chizindikiro, wolowetsamo ziweto kapena moto alipira zakutizakuti, mbuzi zimasulidwa nandolo akachoka, msipu wa chilimwe ndi uku ndi uku.

Apa ndi pamene ndimadandaula ndi mapulojekiti amene ndawaona akudutsa kwathu. Amabwera, amasankha mlimi mmodzi, amamupatsa mbeu ndi chikwangwani, kamunda kachitsanzo kamakongola mmbali mwa msewu, amajambula zithunzi mu Febuluwale chimanga chili bii, nkumapita. Mu Seputembala moto ukamadutsa iwo kulibe. Amaphunzitsa munthu mmodzi mmodzi chinthu chimene chimafuna mudzi wonse, pajatu mutu umodzi susenza denga. Nzeru sizili kutali ayi, ku Ulongué kuli sukulu ya zaulimi ya yunivesite ya UniZambeze, ku Ntengo Umodzi kuli malo a kafukufuku a IIAM, bungwe la boma lofufuza za ulimi, ana athu omwe akuphunzira kumeneko ndipo Chichewa amachidziwa. Ndikanakonda tsiku limodzi mwa masiku amene amathera pa minda yachitsanzo akanalithera pabwalo la nyakwawa mwezi wa Meyi, kukolola kusanathe, kuthandiza mudzi kumanga mfundo zake. Sizifuna galimoto yoyera, sizifuna ndalama ya nkhomaliro.

Nkhani ya amayi tinapita nayo kwa a nyakwawa, mlongo wanga ndi amene anakakamira. Anyamata aja amadziwika, ndi ana a mmudzi momwemo, wina ndi mdzukulu wa asuweni awo a amayi. A nyakwawa anatilandira bwino, anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anafunsa kuti kodi munapsa chimanga, tinati ayi, munapsa nkhokwe kapena chisakasa, tinati ayi, nde anapukusa mutu nkunena kuti "pepani mayi, koma chibadwire ine sindinaweruzepo mlandu wa mapesi, mapesi alibe mlandu." Sindikuwada, ananena zimene anapeza makolo akuchita, nthawi imene tchire linali lambiri munda ukatopa umangousiya ugonere nkukatsegula wina. Lero tchire lotsegula kulibe, munda umene amayi akulima ndi womwewo tidzagawane ife ana asanu.

Atsibweni avomera kuti mwezi wa Meyi tikapemphe bwalo, ndipo akuti iwo monga mwini ziweto ndi amene ayambe kulankhula kuti anzawo asaone ngati ndi nkhondo ya opanda ng'ombe. Amayi chaka chino asosadi nkulima mizere monga ananenera, koma zinyalala zimene anasosa sanaotche, anazikwirira mmizere momwemo pomwe moto sungazipeze. Kuseri kwa nyumba akumbitsa dzenje, akuponyamo zinyalala za pabwalo, makoko a nyemba, phulusa ndi zitosi za nkhuku, ndipo sabata yatha mlongo wanga ananditumizira chithunzi pa WhatsApp, timbande tinayi ta msangu tili mmachubu pakhonde, atatizinga ndi minga kuopa mbuzi.